Masewero a Mobbs: mmene makalabu a rugby ku England amakumbukirira anthu awo amene anafera kunkhondo

Mu Febuluwale 1921 anthu a m'tauni ya Northampton ku England anakhamukira ku bwalo la Franklin's Gardens kukaonerera masewero a rugby amene sanali a ligi kapena olimbirana chikho. Mbali ina kunali timu ya East Midlands, yosankhidwa kuchokera m'makalabu a m'chigawocho. Mbali inayo kunali Barbarians, timu yotchuka imene munthu sailowa yekha koma amachita kuitanidwa. Amene anawasonkhanitsa tsikulo anali atamwalira zaka zitatu ndi theka m'mbuyomo, ndipo analibe manda. Dzina lake linali Edgar Mobbs, kaputeni wakale wa kalabu ya Northampton Saints. Masewerowo anawatcha Mobbs Memorial Match, ndipo dzinali silinafe ngakhale papita zaka zoposa 100.

Mwina wina angadabwe kuti anthu oferedwa angasankhe bwanji kukumbukira mnzawo pothamangitsana ndi kugwetsana m'matope. Koma amene akufuna kumvetsa mmene makalabu a rugby amalemekezera anthu awo ofera kunkhondo ayenera kuyambira pomwepa. Makalabu ambiri analemba maina pamwala kapena pathabwa. Ena anagula malo n'kuwasandutsa bwalo la chikumbutso. Northampton inaimika mwala, koma inadzipatsanso ntchito yoti izigwiridwa chaka ndi chaka. Njira zimenezi sizinakhalitse mofanana, ndipo imene inkaoneka yosalimba kuposa zonse ndi imene yapirira bwino.

Kwa amene sadziwa rugby, ndi masewero a anthu 15 mbali iliyonse. Mpira wake ndi wautali ndi wosongoka kumapeto, amaunyamula m'manja, ndipo poponyerana saloledwa kuuponya kutsogolo. Amene wathamanga nawo n'kukaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani ndiye wagoletsa chimene amachitcha try. Kalabu ya Northampton inayamba mu 1880, ndipo anaiyambitsa ndi wansembe wa mpingo wa Anglican pa tchalitchi cha St James, Samuel Wathen Wigg, pofuna kuti anyamata a m'deralo akhale ndi chochita. Dzina loti Saints linachokera kumeneko. Northampton inali tauni ya mafakitale a nsapato, choncho kalabuyi inali ya anthu osiyanasiyana, osati ana a anthu olemera okhaokha.

Mobbs anabadwira m'tauni yomweyo mu 1882, anaphunzira pa Bedford Modern School, ndipo ankagwira ntchito ya zamagalimoto. Anali munthu wamtali, wothamangira cham'mphepete mwa bwalo, wodziwika ndi dzanja lamphamvu lokankhira aliyense wofuna kumugwira. Anakhala kaputeni wa Northampton kuyambira 1907 mpaka 1913. Mu Disembala 1908 anatsogolera timu ya zigawo zapakati pa England imene inagonjetsa Australia 16-5 ku Leicester, ndipo paulendo wonsewo a Australia sanagonjenso kwina kulikonse m'dziko la England. Mwezi wotsatira anavala yunifomu ya England koyamba, polimbana ndi Australia yomweyo, ndipo anagoletsa try. Anasewerera dziko lake kasanu ndi kawiri, ndipo mu 1910 anali kaputeni pamene England inakasewera ndi France ku Paris. Pofika 1914 anali atasiya kale kusewera mwakathithi. Anali ndi zaka 32.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, bungwe loyendetsa rugby ku England, Rugby Football Union, linaimitsa masewero onse pasanathe milungu yambiri ndi kulimbikitsa osewera kuti akalembetse usilikali. Mpira wamiyendo sunatero. Ligi yake inapitirira mpaka nyengo ya 1914-15 inatha, ndipo fainolo ya FA Cup inaseweredwa mu Epulo 1915. A rugby ananyadira kwambiri kusiyana kumeneku. Panatuluka chikalata chomata m'makoma chonena kuti osewera rugby oposa 90 mwa 100 aliwonse alembetsa kale, n'kufunsa amasewero ena ngati satsatira chitsanzo chimenecho. Kunena zoona, kuyerekezaku sikunali kwachilungamo. Osewera mpira wamiyendo anali pa ntchito yolipidwa ndipo mabanja awo ankadya kuchokera pamenepo, pamene a rugby ya mtundu uwu ankasewera kwaulere, poti ambiri anali ndi ntchito zawo zabwino. Kuyambira 1895, pamene makalabu a kumpoto kwa England anapatuka chifukwa cha nkhani ya malipiro n'kuyambitsa rugby yawoyawo, amene anatsala anali makamaka madokotala, maloya, aphunzitsi, akalaliki a m'mabanki ndi ana a sukulu zapamwamba.

Mfundo imeneyi ndi imene ikufotokoza chifukwa chake mindandanda ya akufa m'makalabu a rugby ndi yaitali chonchi. Mnyamata wochokera kusukulu yapamwamba akalembetsa, kawirikawiri ankapatsidwa udindo wa ofisala wamng'ono. Ntchito ya ofisala wamng'ono inali kutuluka poyamba m'ngalande zimene asilikali ankabisalamo, likhweru lili pakamwa, kuti anyamata ake amutsatire. Mwa asilikali wamba a Britain anafa pafupifupi 12 mwa 100 aliwonse, koma mwa maofisala anafa pafupifupi 17. England inataya anthu 27 amene anasewererapo timu ya dziko, Scotland osachepera 30, Wales 13, New Zealand 13. Mwa osewera 30 amene anakumana pa masewero a Scotland ndi England mu Malichi 1914, 11 sanaione nkhondoyo kutha. Mmodzi mwa iwo anali kaputeni wa England, Ronald Poulton Palmer, amene anagoletsa ma try anayi polimbana ndi France mu Epulo 1914 ndipo anaomberedwa ku Belgium mu Meyi 1915. Awa ndi otchuka okha. Kuseri kwawo kunali mazanamazana a m'matimu achiwiri ndi achitatu amene nyuzipepala sizinawalembe.

Mobbs anapempha udindo wa ofisala koma anamukana, akuti wakula. Sanabwerere kunyumba kukakhala. Analembetsa ngati msilikali wamba, n'kuyamba kuitana anzake a masewero ndi onse omudziwa m'tauni ndi m'midzi yozungulira. Amuna 264 analandiridwa, ndipo anakhala D Company ya 7th Battalion ya Northamptonshire Regiment, koma anthu ankangolitcha gulu la Mobbs. Akali pa maphunziro a usilikali, mu Epulo 1915, iye anatsogolera Barbarians ku Cardiff pa masewero amene anagonjetsa timu ya Wales 26-10. Cholinga cha masewerowo chinali kusonkhanitsa ndalama ndi kukopa anyamata kuti alowe usilikali. Izi zisaiwalike pokamba za chikumbutso. Rugby sinangovutika ndi nkhondo ngati mmene munda umavutikira ndi chilala. Inathandiza kudzaza masitima opita kunkhondo, ndipo amene ankachita zimenezi ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuchita zabwino.

Gululo linafika ku France mu Sepitembala 1915 n'kulowa nthawi yomweyo m'nkhondo ya ku Loos, kumene ambiri anagwa. Pofika 1916 munthu amene anakanidwa udindo uja anali Lieutenant Colonel, akulamulira batalyoni yonse. Anavulazidwa katatu ndipo anapatsidwa mendulo ya DSO. Pa 31 Julayi 1917, tsiku loyamba la nkhondo yachitatu ya ku Ypres ku Belgium, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Passchendaele, anyamata ake anali pafupi ndi Zillebeke, m'nkhalango imene asilikali a Britain ankaitcha Shrewsbury Forest. Mfuti yachiwaya ya Ajeremani inawatsekereza, ndipo maofisala ambiri anali atagwa kale. Mkulu wa batalyoni malo ake anali kumbuyo, kumene amalandira mauthenga ndi kupereka malamulo. Mobbs anachoka kumeneko n'kupita kutsogolo ndi mabomba a m'manja kuti akaitontholetse mfutiyo, ndipo anaomberedwa asanafike. Tsiku lomwelo mvula inayamba, mizinga inapitiriza kugaula nthaka, ndipo mtembo wake sunapezeke. Anali ndi zaka 35.

Apa ndi pamene pali gwero la zipilala zonse zimene zili m'matauni, m'masukulu, m'masiteshoni a sitima ndi m'makalabu a ku Britain. Boma linaletsa kubweretsa mitembo kunyumba. Linati olemera asatenge awo pamene osauka sangathe, ndipo onse agone kumene anagwera, pansi pa miyala yofanana. Bungwe losamalira manda amenewa, Imperial War Graves Commission, linakhazikitsidwa mu 1917. Amene matupi awo sanapezeke anawalemba pamakoma akuluakulu. Dzina la Mobbs lili pa Menin Gate mumzinda wa Ypres, limodzi ndi maina ena oposa 54,000, ndipo chipata chimenechi chinatsegulidwa mu 1927. Kuyambira 1928 malipenga amalira pamenepo madzulo aliwonse nthawi ya 8 koloko, kupatula zaka zimene Ajeremani analanda mzindawo pa nkhondo yachiwiri. Koma mayi wa ku Northampton wogwira ntchito m'fakitale ya nsapato sakanatha kupita ku Belgium. Aliyense amene anakhalapo pa mwambo wovundukula chiliza akudziwa kuti maliro samatha tsiku loika. Abale amafuna malo oti aimepo, dzina loti aliwerenge, ndi tsiku loti asonkhane. Mabanja a ku Britain analibe mtembo, analibe manda apafupi, ndiye magulu amene anyamatawo ankakhalamo anadzitengera udindo umenewu. Kwa mnyamata wa zaka 24 wosakwatira, kalabu ya rugby inali gulu limene linkamudziwa bwino kuposa ena onse.

Ku Northampton anthu anasonkha ndalama, ndipo mu Julayi 1921 chipilala cha Mobbs chinavundukulidwa pa Market Square, pakati penipeni pa tauni. Anachisema ndi Alfred Turner. Kutsogolo kwake kuli chifaniziro cha mkuwa cha mutu ndi mapewa a Mobbs atavala zausilikali. M'mbali muli zithunzi ziwiri zosemedwa, china cha anthu akusewera rugby, china cha asilikali pankhondo. Mawu olembedwapo amanena kuti anayambitsa gulu lake, analowa ngati msilikali wamba n'kukwera mpaka kulamulira batalyoni, ndipo anagwira ntchito yake kufikira imfa. Mu 1937 chipilalachi anachisamutsira ku Abington Square, kumunda wa chikumbutso wa tauniyo. Kalabu nayo ili ndi mwala wake mkati mwa Franklin's Gardens, pamene pali maina a osewera a Saints amene anafa, ndipo nkhondo yachiwiri itatha maina ena anawonjezedwapo.

Zithunzi ziwiri zili m'mbali mwa chipilala zija zikunena zimene anthu a nthawiyo ankakhulupirira, zoti bwalo la rugby ndi bwalo la nkhondo ndi pachibale, kuti kulimba mtima kwa pa Loweruka masana ndi komwe kumafunika m'ngalande. Maganizo amenewa anapindulitsa rugby kwambiri. Nkhondo itatha sukulu zambiri za ku England zinasiya mpira wamiyendo n'kuyamba rugby, poiona ngati masewero a anthu okonda dziko lawo. Ine ndimaona kuti apa mpofunika kusamala. Pa rugby munthu akagwa amadzuka, ndipo woimbira akaliza wezulo yomaliza onse amakamwa limodzi. Mfuti yachiwaya sisamala kuti munthu ali ndi liwiro lotani. Kulimba mtima kwa Mobbs n'kosakayikitsa, koma kuitcha nkhondo masewero aakulu, monga ankanenera ena nthawi imeneyo, kunabisa zimene zinkachitikadi kwa anyamata a zaka 19.

Tsono masewero a chikumbutso aja. Kayendetsedwe kake kanali kosavuta koma kofuna anthu. Chaka chilichonse akuluakulu a East Midlands ankasankha timu kuchokera ku Northampton, Bedford ndi makalabu ang'onoang'ono a m'chigawocho. A Barbarians ankatumiza makalata oitana osewera a maiko osiyanasiyana. Timu imeneyi ilibe bwalo lakelake, ndipo mwambo wake ndi woti aliyense amavala malaya a mizere yakuda ndi yoyera koma masokosi a kalabu yakwawo. Masewero asanayambe, nkhata ya maluwa inkakaikidwa pa chipilala cha Mobbs m'tauni. Ndalama za pakhomo zinkathandiza rugby ya achinyamata m'chigawocho. Kwa wosewera wa kalabu yaing'ono ya kumudzi, limeneli linali tsiku limene akanatha kuima pabwalo limodzi ndi akatswiri amene ankangowawerenga m'nyuzipepala, ndipo mwana wasukulu amene anabwera kudzaona akatswiriwo ankabwerera kwawo atamva dzina la Mobbs. Mwala sungachite zimenezi. Anthu amaudutsa popita kumsika osatukula maso. Koma masewero sangachitike popanda wina kulemba makalata, kusindikiza matikiti, kutchetcha udzu ndi kufotokozera anyamata atsopano chifukwa chake akusewera Lachitatu masana popanda chikho.

Vuto linabwera mu 1995, pamene rugby inavomereza kuti osewera azilipidwa. Wosewera anasanduka wantchito wa kalabu, ndipo palibe kalabu imene imafuna kuti munthu amene ikumulipira ndalama zambiri akathyoke mwendo pa masewero a chikumbutso pakati pa sabata. Akatswiri anayamba kusowa, ndipo oonerera anachepa. M'zaka zomalizira masewerowa anasamukira ku bwalo la Goldington Road ku Bedford, ndipo 2011 chinali chaka chomaliza cha Barbarians. Apa mwambowu ukanatha, monga inathera miyambo ina yambiri ya rugby yakale. M'malo mwake anausintha. Mu 2012 timu ya asilikali a Britain inayamba kusewera mosinthanasinthana ndi Bedford Blues ndi Northampton Saints. Ena anganene kuti amenewa salinso masewero a 1921, ndipo akunena zoona. Koma chimene chinachitika n'chakuti anthu amene sanamuonepo Mobbs, amene ngakhale agogo awo mwina sanamuone, anakhala pansi n'kuona kuti n'koyenera kuvutika kuti dzinalo lipitirire.

Nkhani ya ku Bristol inayenda mwanjira ina. Kumeneko anaganiza zazikulu. Panali malo ku Horfield otchedwa Buffalo Bill's Field, amene pa nthawi ya nkhondo anthu ankalimapo ndiwo zamasamba. Francis Cowlin, mmodzi mwa akuluakulu a mzindawo, anagula malowo n'kuwapereka kuti pamangidwe bwalo lokumbukira osewera rugby a mu Bristol monse amene anafera kunkhondo, pafupifupi 300. Bwalolo, Memorial Ground, linatsegulidwa pa 24 Sepitembala 1921 ndi masewero a Bristol ndi Cardiff. Pakhomo anaimika zipata zokhala ndi mawu a chikumbutso, kuti aliyense wolowa kudzaonerera azidutsa pamenepo. Ganizo lake linali lokongola, loti chikumbutso chisakhale chinthu chongoyang'ana koma malo oti ana a mumzindawo azithamangapo.

Koma bwalo ndi chuma, ndipo chuma chimagwidwa pa ngongole. Mu 1996 timu ya mpira wamiyendo ya Bristol Rovers inabwera kudzachita lendi. Patangopita zaka ziwiri, mu 1998, kalabu ya rugby inagwa m'mavuto a ndalama, bwalo linakhala la Rovers, ndipo eni nyumba anasanduka alendi pakhomo pawo pomwe. Dzina linasintha kukhala Memorial Stadium. Pambuyo pake Rovers inagwirizana ndi kampani ya masitolo ya Sainsbury's kuti igule malowo, igwetse bwalolo ndi kumangapo sitolo yaikulu, ndalama zake zikamangire bwalo latsopano kwina. Anthu a m'deralo anakana, ena chifukwa cha mabizinesi ang'onoang'ono a mumsewu wawo, ena chifukwa chakuti malowo ndi chikumbutso cha akufa. Anapita kukhoti ndipo sanapambane. Chimene chinapulumutsa bwalolo si ulemu kwa akufa ayi. Kampaniyo inasintha maganizo n'kufuna kutuluka m'mgwirizanowo, Rovers inaisumira, ndipo makhoti mu 2015 ndi 2016 anagamula mokomera kampani. Apo n'kuti kalabu ya rugby itachoka kale mu 2014 kupita ku bwalo la Ashton Gate. Zipata zija zilipobe ndipo zimatetezedwa ndi lamulo la zinthu zakale, koma bwalo limene linamangidwira osewera rugby lero ndi la mpira wamiyendo. Sindikuona chifukwa choimbira mlandu otsatira Rovers, amene nawonso amalemekeza malowo. Chimene nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti amene anapereka malowo mu 1921 sanaganize kuti tsiku lina kalabu idzakhala bizinesi yotha kugwa.

Ku Rosslyn Park, kalabu ya ku London, chimene chinatayika ndi maina enieniwo. Chikumbutso chawo choyamba chinasowa, ndipo zikuoneka kuti zinachitika pamene ankasamuka ku Richmond kupita ku Roehampton m'zaka za m'ma 1950. Kwa zaka zambiri panalibe amene akanatha kutchula anthu a kalabuyo amene anafa pa nkhondo yoyamba. Chimene chinatsala ndi chiwerengero cha m'malipoti akale, chonena za anthu 66 ophedwa ndi 6 osowa. Stephen Cooper, amene ankaphunzitsa timu ya achinyamata pakalabupo, anayamba kufufuza m'mabuku akale a mamembala, kufananiza maina ndi maadiresi ndi zolembedwa za asilikali, ndipo mu 2012 anatulutsa buku la zimene anapeza. Chiwerengero chinapitirira kukwera mpaka kudutsa 100, ndipo kalabuyo inaika chikumbutso chatsopano. Ntchito ngati imeneyi inachitika m'makalabu ambiri pamene nkhondoyo inkakwanitsa zaka 100, pakati pa 2014 ndi 2018. Ofufuza anapeza maina olembedwa molakwika, anthu amene anasamukira ku Canada kapena Australia n'kukafera m'magulu a kumeneko kalabu osadziwa, ndi ena amene anamwalira ndi mabala nkhondo itatha, mndandanda utatsekedwa kale.

Funso loti ndani alembedwe ndi ndani asiyidwe ndi limene limandikhudza kwambiri pa nkhani yonseyi. Mobbs ali ndi chipilala, masewero, ndi msewu wotchedwa Edgar Mobbs Way pafupi ndi bwalo la kalabu yake. Amuna 264 amene anamutsatira alibe masewero otchedwa maina awo, ngakhale ambiri a iwo anagwa ku Loos, ku Somme ndi ku Ypres komweko. Anthu amakumbukira mosavuta munthu mmodzi wokhala ndi nkhope ndi nkhani, ndipo kalabu imene ikufuna kuchita chilungamo iyenera kulimbana ndi chizolowezi chimenechi, n'chifukwa chake ntchito yotopetsa ya ofufuza maina ndi yofunika ngati masewerowo.

Nkhondo yomweyi inafikanso kwathu, ndipo apa kusiyana kwake n'kowawa. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu Sepitembala 1914. Amuna zikwizikwi a ku Nyasaland analowa King's African Rifles, ndipo pafupifupi 200,000 anatengedwa ngati amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles, koma amtengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda lija, limene tsopano limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo tsankho ndi limene linachititsa. Nduna ya chitetezo ya Britain panthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Mnyamata wa timu yachitatu ya Rosslyn Park anapezeka patatha zaka 90 chifukwa mlembi wa kalabu analemba dzina lake ndi adiresi m'kaundula pamene ankalipira ndalama ya umembala. Wonyamula katundu wochokera ku Dedza kapena ku Mzimba analibe womulemba chonchi.

Masiku ano zimene makalabu ambiri amachita zimaoneka mu Novembala, pa masewero oyandikira tsiku la 11, limene nkhondo inatha mu 1918. Matimu awiri amandanda pabwalo, nkhata za maluwa ofiira a poppy zimaikidwa, lipenga limalira, ndipo khamu lonse limakhala chete. Mwambo wokhala chete mphindi ziwiri unayamba ku Britain mu 1919 molamulidwa ndi Mfumu George V, potengera zimene zinkachitika ku Cape Town nthawi ya nkhondo, ndipo amene anapereka ganizolo ndi Percy FitzPatrick wa ku South Africa. Maluwa a poppy ndi amene ankamera m'minda yogauka ya ku Flanders, chigawo chimene muli Ypres, ndipo bungwe la asilikali akale la British Legion linayamba kugulitsa opanga mu 1921 kuti lithandize ovulala ndi amasiye. Makalabu ena amasokera duwalo pa malaya a osewera n'kudzagulitsa malayawo kuti ndalama zipite ku bungwelo. Ena amatenga timu za achinyamata kupita ku Belgium ndi France kukasewera ndi kukaona manda. Pali anthu ku Britain komweko amene amadandaula kuti mwambowu wasanduka chionetsero, kuti duwa limavalidwa poopa kunenedwa osati pokumbukira. Dandauloli lili ndi maziko pamene zonse zangothera pa malaya ndi makamera. Koma pamene wina waima n'kuwerenga maina mmodzimmodzi, n'kutchula kuti uyu ankasewera malo akuti ndipo ankagwira ntchito yakuti, sindikuona chonyoza.

Si ku England kokha. Ku Perpignan ku France bwalo limatchedwa Aimé Giral, mnyamata amene anathandiza timu yake kutenga ukatswiri wa dziko mu 1914 n'kufa chaka chotsatira. Ku Auckland ku New Zealand makalabu akhala akulimbirana Gallaher Shield kuyambira 1922, pokumbukira Dave Gallaher, kaputeni wa timu ya dzikolo, All Blacks, ya 1905, amene anafa ndi mabala mu Okutobala 1917 m'nkhondo yomweyo ya ku Ypres imene inapha Mobbs. Kuyambira 2000 France ndi New Zealand zimalimbirananso chikho cha dzina lake.

Dzina la Mobbs nalo linafika pamlingo umenewu mu 2022. England ndi Australia zinkalimbirana Cook Cup kuyambira 1997, chikho chotchedwa dzina la James Cook, woyenda panyanja amene kwa eni nthaka a ku Australia amaimira chiyambi cha kulandidwa kwa dziko lawo. Mabungwe awiriwa anagwirizana zochisiya n'kubweretsa Ella-Mobbs Trophy. Mark Ella ndi katswiri wa mtundu wa Aaborijini amene anakhalapo kaputeni wa Australia m'zaka za m'ma 1980, ndipo Mobbs anasankhidwa mwa zina chifukwa masewero ake oyamba a England, mu 1909, anali olimbana ndi Australia. Matimuwa anakumana katatu ku Australia mu Julayi 2022, ndipo England inapambana kawiri n'kukhala yoyamba kutenga chikhocho.